Mwana akufuna udokotala wa mano: tiyang'ane mayeso kapena chipatala?

Funso: Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa udokotala wa mano. Tikuyesa mwayi kuno kwathu, koma amalume ake atitumiziranso mapepala a sukulu ziwiri zakunja. Ina ikunyadira kuti pafupifupi ophunzira ake onse amakhoza mayeso a chiphaso, inayo ikukamba kwambiri za chipatala chake. Ndalama zake n'zoti tigulitse ng'ombe. Tikhulupirire ziti? — Bambo wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho: Bambo, musanalipire ngakhale tambala, funsani ku Medical Council of Malawi ngati amaizindikira sukuluyo komanso zomwe mwanayo adzayenera kuchita akadzabwerako. Ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, funsaninso za digiriyo. Yankho likhale la pakalata. Mayeso a chiphaso omwe sukulu yakunja ikunyadirawo ndi a dziko lakelo. Amene amalola munthu kugwira odwala kuno ndi Medical Council.

Kwathu kuno maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow. Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe imaphunzitsa ma dental therapist, omwe amathandiza matenda wamba a mano, ntchito yofunika koma yosiyana ndi digiriyo. Pafupi nafe pali mayunivesite a Muhimbili ku Dar es Salaam, Tanzania, ndi Copperbelt ku Ndola, Zambia.

Chiwerengero cha okhoza chimanyenga ngati simunachifunse mafunso. Tiyerekeze kalasi yayamba ndi ophunzira 40, pofika chaka chomaliza atsala 20, ndipo 19 akhoza. Pa pepala alemba 95 peresenti, pomwe mwa omwe analipira fizi chaka choyamba, opitirira theka sanakhoze. Ndiye funsani kuti anayamba angati, analemba angati, ndipo anakhoza ulendo woyamba ndi angati, chifukwa ena amaphatikiza obwereza. Pemphani za zaka zitatu zotsatizana. Kalasi ikakhala yaing'ono, munthu mmodzi kulephera kumagwetsa chiwerengero kwambiri, choncho chaka chimodzi sichikuuzani kanthu.

Ife timaika mtima kwambiri pa chipatala, chifukwa iyi ndi ntchito ya manja. Wophunzira amayamba ndi mitu ya zidole, kuboola ndi kumata mano apulasitiki mpaka dzanja litazolowera kugwira ntchito akuyang'ana pa kagalasi. Koma chidole chilibe malovu, sichitaya magazi, sichiopa jakisoni. Funsani chaka chomwe ophunzira amayamba kugwira odwala enieni, ndipo mawu akuti "kugwira" muwatsindike: kuimirira kumbuyo kwa dokotala n'kumaonerera si kuphunzira kuzula dzino. Apa chilankhulo n'chachikulu. Kumene odwala amalankhula chomwe mwana wanu sakuchidziwa, kawirikawiri ophunzira obwera amangokhala oonerera.

Pemphani kuona logbook, buku lomwe mphunzitsi amasainamo ntchito iliyonse. Liyenera kunena chiwerengero chomwe wophunzira ayenera kukwanitsa asanalembe mayeso omaliza: mano ozula, omata, ochotsa mtsempha, kutsuka mano, mano oikirira, ndi ana omwe wawathandiza. Akamazemba kukuonetsani, kayikirani.

Kenako mipando. Musafunse kuti ilipo ingati. Funsani kuti ikugwira ntchito ndi ingati. Mpando wa mano umadalira magetsi, madzi ndi kompuresa, makina opopa mpweya. Kompuresa ikafa, choboolera sichizungulira, ndipo chotsala ndi kuzula kokha. Wophunzira amamaliza ali katswiri wozula koma wosadziwa kupulumutsa dzino. Ophunzira anayi akamagawana mpando umodzi, aliyense amagwira wodwala kamodzikamodzi. Funsaninso kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anira angati nthawi imodzi. Wophunzira akabaya jakisoni wa dzanzi wa nsagwada ya m'munsi n'kuphonya malo, dzanzi siligwira, wodwala amakuwa, ndipo pamafunika wina pafupi womuonetsa pomwe singano inayenera kulowa. Chimodzimodzi muzu ukathyokera mkati pozula. Zimenezi siziphunziridwa m'buku.

Mwanayo akapeza mpata wokaona, alowe m'chipinda chophikira zida pofuna kupha majeremusi. Makina ake ayenera kufika madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, kapena 121 kwa mphindi 15, ndipo pakhale kaundula wa tsiku ndi tsiku. Aonenso ngati ekisire ikujambula komanso ngati ophunzira amagula okha zomatira ndi magolovesi, chifukwa ndalama imeneyo sailemba pa pepala la fizi.

Ganizirani komwe adzagwire ntchito. Ku Mzuzu Central Hospital ndi m'zipatala za maboma monga Rumphi kapena Karonga, anthu ambiri amafika dzino litawola kale, tsaya litatupa ndi mafinya, ena nsagwada itathyoka pa ngozi ya njinga yamoto. Kutupa kukatsikira pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya. Sukulu yomwe imatumiza ophunzira ku wodi, ku fiyeta ndi ku zipatala za kumudzi imamukonzekeretsa zimenezi kuposa yokhala ndi makina onyezimira koma odwala ochepa.

Mwa ziwiri mwatchulazo, ngati zonse n'zovomerezeka ndipo zotsatira za mayeso sizikusiyana kwambiri, sankhani ya odwala ambiri ndi aphunzitsi okwanira. Koma ngati ophunzira a sukulu ina amalephera ambiri chaka ndi chaka, isiyeni ngakhale chipatala chake chikhale chachikulu. Pemphani sukulu iliyonse ikulumikizeni ndi ophunzira awiri a chaka chomaliza, makamaka ochokera kunja ngati mwana wanu, ndipo iye awafunse yekha kuti sabata yathayi anagwira odwala angati ndi manja awo.