Za droni ku Majete, Lengwe ndi Khulubvi

Achimwene mwafunsa ngati mungangonyamula droni nkukajambula vidiyo ya nyimbo yanu ku Majete, Lengwe kenako Khulubvi, komanso kuti pamalipidwa chani. Ndiyankheko poti ndimajambula maukwati kuno ku Nchalo.

Ya pageti ija ndi yolowera basi, ife a Malawi timalipira yotsika kusiyana ndi alendo akunja, ndipo kujambula nyala pafoni palibe amakuletsani. Koma vidiyo yoti mudyepo ndalama ndi nkhani ina, mumapempha kalata kwa oyang'anira malowo nkukuuzani mtengo wake. Majete ili mmanja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2003, Lengwe ndi ya dipatimenti ya boma ya Parks and Wildlife, ndiye kalata ya uku musakaionetse uko ayi. Droniyo payokha imafunanso chilolezo cha a Civil Aviation poti mlengalenga ndi mwawo. Akakukanizani droniyo si nkhanza, kamaliratu ngati njuchi kanthu kaja ndipo njovu ndi njuchi sizimwerana madzi, komanso ma ranger adziwa bwanji kuti si opha zipembere amene akusuzumira?

Koma pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa Khulubvi. Paja si paki, ndi kachisi wa Mbona, a Mang'anja amapemphapo mvula, analowanso pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kudziwika ngati chuma cha dziko lonse mu 2011. Olo mutenge kalata ya chidindo ku dipatimenti yoona za malo a mbiri yakale ya Museums and Monuments, mwini pakhomo ndi mafumu ndi akuluakulu osunga kachisiyo. Ine ndinapitako ndi alendo, kamera ili pakhosi ndikuziona ngati dolo, mdala wina anangoyang'ana nsapato zanga osayankhula kanthu, ndinavula ndekha mchenga ukuotcha ngati chiwaya. Kenako anatiuza kuti apa jambulani, kuyambira pamtengo uwo bwezani mchikwama, tinamvera. Ndiye inu mukufuna muulutse droni pamwamba pa nkhalango yomwe olo nkhuni anthu satolamo, mwina ndi ovina kumbuyo? Aaa achimwene, osaayamba.

Pitani kaye nokha opanda zida, mukaonekere kwa amfumu ndi kangachepe mmanja, mufotokoze nyimboyo ikunena chani. Akakana musalimbane nawo, malo ojambula ndi ambiri, kungotsika Thabwa dzuwa likamalowa Shire yense amaoneka mbee. Za mapakizo alembereni kukadali masabata angapo, yankho likhale lolemba, muliprinte, netiweki mkati muja imavuta.