Yankho kwa achimwene aku Katete pa zizindikiro za m'chisoti cha Apache

Achimwene, mwati mwagula helikopita ya Apache AH-64D ya mu DCS World, masewera oulutsa ndege pa kompyuta, koma mukangodzutsa helikopita zolemba zobiriwira zija zimakudzazani m'maso mpaka mumakagwetsa ndege pambali pa bwalo, ndiye mukufunsa ngati ndi bwino kungozizimitsa. Musazizimitse. Inenso kuno ku Chipata ndinavutika nazo masabata angapo, ndipo chimene chinandithandiza ndi kusiya kuwerenga zonse nthawi imodzi.

Chipangizo cha pachisoti choonetsa zizindikirozo dzina lake ndi IHADSS. Mu ndege yeniyeni ndi kagalasi kamodzi kokhala pa diso lamanja, ndipo usiku chithunzi cha kamera ya PNVS ya pamphuno pa ndege chimabwera momwemo. Ndiye mukazolowera kuuluka popanda zizindikirozo, tsiku lomwe mudzauluke mumdima mudzasowa pogwira.

Zizindikirozo zili m'magulu anayi: Hover, Bob-Up, Transition ndi Cruise. Pa cyclic, ndodo yowongolera ndege, pali batani lotchedwa Symbology Select. Mukalikankha kutsogolo mumasinthana pakati pa Cruise ndi Transition, mukalikokera kumbuyo mumasinthana pakati pa Hover ndi Bob-Up. Limeneli liikeni pa joystick yanu pomwe chala chachikulu chimafika msanga, pamodzi ndi la force trim, losungira ndodo pomwe mwaiika. Musalisiye pa kiyibodi.

Yambani ndi Hover basi, gulu la poimirira m'malere. Pakati pali kamtanda, ndipo kuchokera pa kamtandako pamatuluka kamzere, velocity vector. Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Kamzereko kamakuonetsani ndege ngati mukuiyang'ana muli pamwamba pake. Kakaloza m'mwamba ndiye kuti ndege ikupita komwe kwaloza mphuno yake, kakaloza pansi ikubwerera m'mbuyo. Ngakhale mutembenuze mutu kuyang'ana pawindo lakumanzere, "m'mwamba" ndi kumphuno kwa ndege ndithu, osati komwe maso anu ali. Ine ndinkakankha ndodo motsatira maso, n'chifukwa chake ndinkagwa.

Palinso kamphete kakang'ono, acceleration cue. Nsonga ya kamzere kaja imalondola kampheteka ngati mbuzi yotsatira munthu wonyamula gaga. Choncho musalimbane ndi kamzere. Yendetsani kamphete ndi cyclic, mukakhazike pa kamtanda ka pakati, mudikire, kamzere kafupika kokha mpaka kutha. Dzanja lizisuntha pang'ono kwambiri. Dziwaninso kuti mu Hover kamzereko kamafika pothera pa liwiro la 6 knots, pafupifupi makilomita 11 pa ola, pomwe mu Transition pothera pake ndi 60 knots. Ndiye kamzere katali mu Hover sikatanthauza kuti mukuthamanga kwambiri. Ine pofika potera ndimakhala mu Transition, kamzere kakafupika ndipamene ndimalowa mu Hover.

Bob-Up ndi Hover yomweyo, kungoti pamabwera kabokosi ka mbali zisanu ndi zitatu kosonyeza malo amene munali pomwe munadina batani. Kakasuntha ndiye kuti inuyo mwachoka pamalopo, ndipo kamafika kumapeto mukatalikira mafiti 40. Ndi kothandiza pobisala kuseri kwa mitengo, mukwere, muone, mutsikire pomwe munachokera.

Manambala ofunika ndi ochepa. Kumanzere chakumwamba kuli torque, mphamvu imene mukukoka ku injini ndi collective, chogwirira chokwezera ndi kutsitsira ndege. Muzikumbukira nambala yomwe ndege yanu imaimirira bwino m'malere, chifukwa imasintha mukawonjezera mafuta kapena mizinga ya Hellfire. Kumanja kuli kutalika kwanu kuchokera pansi, ndi mzere wake woonetsa mpaka mafiti 200, komanso kakatatu kosonyeza ngati mukukwera kapena kutsika. Kakatatu kameneka muzikaponyera diso pafupipafupi. Kutsika mofulumira muli chiimire n'koopsa, ndege imamira mu mphepo ya mapiko ake omwe, ndipo kukoka collective sikuthandiza. Pamwamba pali kampasi, pansi pali kampira ka trim ka mapedulo. Kadayamondi koduladula kamakuuzani komwe kuli mphuno mutu ukapita kwina.

Za mfuti ya M230 ya 30 mm yotsatira chisoti, dikirani kaye. Mukadzafikapo, ngati mwayatsa ndege kuchokera pozizira, injini zili zozima, musaiwale boresight (kulinganiza chisoti ndi ndege) pa tsamba la zida la WPN, apo ayi zipolopolo zizigwera pambali. Pakali pano khalani pampando wakumbuyo, George, mnzanu woyendetsedwa ndi kompyuta, akhale kutsogolo.

Chinthu china chomwe ndingakulimbikitseni ndi cholondola mutu, chotembenuza chithunzi pa kompyuta mukatembenuza mutu. TrackIR ndi yodula ndipo kuno muyenera kuitanitsa kunja, koma opentrack ndi yaulere ndipo imagwira ndi webcam wamba. Madzulo ikani nyale kutsogolo kwanu kuti kamera ione nkhope bwino.

Ngati magetsi akubwera ndi nthawi, musataye maola pa mishoni zazitali. Tsegulani Mission Editor, ikani Apache pa bwalo la Batumi kapena Kutaisi pa mapu aulere a Caucasus, mphepo ikhale ziro, injini zili zoyaka kale. Kwerani mafiti 10, khazikani kamphete pakati, mutembenuze mutu kumanzere ndi kumanja osasuntha ndege. Mphindi 20 tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Mukadzabwera ku Chipata mundiuze, mudzayese pa kompyuta yanga ndi mapedulo, muone kusiyana kwake musanagule anu.