Za Hilux ija, msuweni

Funso pa gulu la banja: "Asuweni, switch ya ma indiketa ya Hilux yathu ija ingapezeke ku Nchalo kapena mpaka ku Limbe? Yayamba kukana."

Yankho, monga linalankhulidwa:

Eee msuweni, wadzuka? Uthenga wako ndauona. Ukuti switch ya ma indiketa... Iweyo ndimakudziwa. Ukayamba kufunsa kumene chinthu chimagulitsidwa ndiye kuti pulayala ili kale m'manja, ukungofuna tikuuze kuti n'kutali, upeze chifukwa chodulira mawaya n'kulumikiza dayireki. Ndikunama? Akuluakulu a pa gulu pano mundikhululukire, uyu ndi msuweni wanga, ndiyenera kumunena.

Komanso mlongo wako wandiuza zimene iwe wasiya. Akuti Loweruka mukuchokera ku Bangula sanafe ma indiketa okha ayi. Mawaipa anaima pakati pa galasi, geji ya mafuta inagwa, ya kutentha nayonso, koma injini ikungoyenda bwinobwino. Iwe n'kugwedeza kiyi, zonse n'kudzuka. Hutala akuti imalira pokhapokha ukapinda chiwongolero kumanzere. Zimenezi bwanji sunalembe?

Chabwino. Usanamasule kalikonse, dina mahazadi kiyi ali m'thumba. Akaphethira mbali zonse zinayi ndiye kuti mababu ali bwino, fulasha yophethiritsa mababuyo ili bwino, mawaya opita ku mababu ali bwino. Mahazadi amatenga moto wa batire osadutsa pa kiyi, pomwe ma indiketa amadikira kiyi afike pa ON. Wamva pamenepo? Usunge. Mbali imodzi ikamaphethira mothamanga, limenelo ndi babu lapsa, la 21W, nkhani yaing'ono. Ndipo pa Toyota zambiri za zaka zimenezo hutala ndi mahazadi zimadyera fyuzi imodzi, pa chivundikiro amalemba HAZ-HORN. Ndiye mahazadi akayaka, fyuzi ya hutala usaivutitse.

Kenako uchotse waya wa negetivu pa batire, sipanala ya 10. Umasule chipulasitiki chokuta chiwongolero, masikuluwu ake ali kunsi... pang'onopang'ono iwe, pulasitiki imeneyo yaphikidwa ndi dzuwa la kuno zaka zoposa 30, Okutobala aliyense madigiri 40 kupita m'mwamba, ukaikoka mwaukali ithetheka ngati chigumu chogona. Ukatsegula uona...

Ayi dikira. Ndisanapitirize ndikukumbutse za amalume a ku Ngabu, bambo ako aang'onowo, ndi Datsun yawo ija. [kuseka] Anakubala bwino, magazi ndi omwewo. Kiyi wawo atayamba kuvuta chimodzimodzi, iwo anati makaniko ndi akuba, za magetsi amazidziwa okha. Anakagula switch ya m'nyumba, yoyatsira getsi yoyera ija, n'kuikhoma pa dashibodi ndi masikuluwu a matabwa. Ya sitata anaika batani la belu. Waya anatenga wa wailesi, wopyapyala, fyuzi palibe. Ndipo galimoto inalira! Ankaitana anthu kudzaona, akuti taonani, a ku Japan anangochulukitsa zinthu.

Sabata yoyamba anaiwala kuzimitsa switch ija usiku. Datsun inali ya petulo, ya mapointi ndi koyilo, tizipangizo topereka moto woyatsira petulo mu injini, ndiye moto unakhala ukuyenda mu koyilo usiku wonse. M'mawa koyilo yotentha yosagwirika, mapointi apsa, batire latheratu. Anati ndi ana aseweretsa. Ana anakwapulidwa ulere, mmodzi mwa iwo ali pa gulu pano, sinditchula dzina.

Koma chachikulu chinachitika tsiku la msika wa thonje. Chimene iwo sanaganize n'chakuti kiyi ali ndi ntchito ziwiri. Kumbuyo kwake amatembenuza switch ya magetsi, pakati pake amakoka kachitsulo kamene kamakhoma chiwongolero. Masiku onse ankalowetsabe kiyi n'kupotoza mwachizolowezi, loko n'kumasuka, osadziwa kuti n'chimene chikuwapulumutsa. Tsiku limenelo kiyi anatsala mu buluku lina. Anati palibe kanthu, ndili ndi switch yanga. Thonje lodzaza mpaka pamwamba, azakhali kutsogolo ndi chitenje chatsopano. Kuchoka pakhomo msewu ndi wowongoka, galimoto ikuyenda. Kufika pokhota paja pa mjigo, anangopinda pang'ono, kachitsulo kaja kanapeza bowo lake, khatya! Chiwongolero gwa. Galimoto inapitiriza kukhota yokha mpaka m'khola la mbuzi la aneba. Mwayi ankayenda pa giya yachiwiri. Munthu sanavulale, koma mbuzi imodzi inapita, ina inathyoka mwendo, analipira zonse ziwiri pamaso pa amfumu. Mpaka lero ukawafunsa amati alipo amene anawamangira chiwongolero chifukwa cha nsanje ya thonje. Azakhali anayenda wapansi kubwerera kunyumba osayankhula, ndipo Datsun ija sanaikwerenso.

Ndinali pati... ee, chipulasitiki. Ukachichotsa uona mitolo iwiri ya mawaya. Wina, wa mawaya ambiri ang'onoang'ono, ukuchokera ku timikono ta ma indiketa ndi mawaipa. Winawo ndi wa mawaya ochepa koma onenepa, ukuchokera kumbuyo kwenikweni kwa pamene umalowetsa kiyi. Utsate onenepawo mpaka pa pulagi yake, uizule, uyang'ane m'kati ndi tochi. Ukaona pulasitiki yofiirira kapena yosungunuka pozungulira phini limodzi, pamenepo pakutentha chifukwa phini lakhwepa. Ukaona zobiriwira, amenewo ndi madzi. Galimoto imeneyo inamira mpaka m'mipando nthawi ya namondwe Freddy, Malichi 2023, tonse tikudziwa, ndipo matope a Shire akalowa mu pulagi satuluka okha. Upale ndi kasandipepala kosalala, upopere sipuleyi yotsukira zamagetsi, timano ta pulagi utifinye pang'ono kuti tigwire zolimba.

Ukatero ubwezere pulagi, ubwezere batire, utenge tesita, ija ya babu. Kachingwe kake ukanikize pa chitsulo chopanda penti. Uzibaya kumbuyo kwa pulagi, pulagiyo ili m'malo mwake. Kiyi ali pa LOCK upeza waya mmodzi kapena awiri amene ali ndi moto nthawi zonse, amenewo akuchokera ku batire. Upotoze kufika pa ON, ena ayake. Tsopano tesita ili pa waya amene wayaka pa ON, uyatse mawaipa ndi fani, ugwedeze kiyi ngati mmene unachitira pa msewu paja. Babu la tesita likamaphethira pamene la waya wochokera ku batire lili nji, wagwira wakuba. Likaphethira ngakhale pa waya wa ku batire, vuto lili kutsogolo, pa mafyuzi aakulu a pafupi ndi batire, ukayang'ane kumeneko. Ngati ungabwereke mita yoyezera magetsi, batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6, injini ikuyenda 14 kapena kuchepera pang'ono. Uyeze pakati pa waya wolowa ndi wotuluka zinthu zili zoyaka: kusiyana kukapitirira 0.5, timano ta m'kati mwa switch tapsa.

Ndiye nkhani ndi imeneyi, msuweni: switch ya ma indiketa imene ukufuna kukagulayo ilibe mlandu. Ma indiketa, mawaipa ndi mageji sizingafe mphindi imodzi n'kudzukanso mphindi imodzi chilichonse pachokha. Zonsezo zimamwa pa waya mmodzi wochokera pa switch ya kumbuyo kwa kiyi. Injini siinazime chifukwa solenoidi ya pa pampu ya dizilo, imene imatsegulira mafuta kupita mu injini, imadyera pa dzino lina la switch yomweyo. Dzino limenelo likadzatsatira mnzake uli pa mtsetse wotsikira ku Thabwa, injini idzazima, chiwongolero chidzalemera, mabuleki ukaponda kawiri katatu adzauma. Usadikire zimenezo.

Ndipo kusintha kwake n'kosavuta. Kagawo ka magetsiko kamagwidwa ndi tisikuluwu ting'onoting'ono kumbuyo, umachotsa kokhako. Mabawuti opanda mitu amene agwira loko pa chiwongolero usawakhudze, kiyi akhala yemweyo. Kakaleko upite nako m'thumba ku shopu, ufananize pulagi ndi kuwerenga maphini, chifukwa ma Hilux amafanana nkhope koma mapulagi amasiyana. Komanso chimtolo cha makiyi chimene umapachika pamenepo, wa golosale, wa njinga, wa chigayo, chotsegulira mabotolo... pa mabampu a msewu wa ku East Bank kulemera kumeneko n'kumene kumadya switch. Kiyi wa galimoto akhale yekha.

Hutala ndi matenda ena, osasakaniza. Uchotse chapakati pa chiwongolero, kawaya kamene kali pamenepo ukagunditse ku nati ya pakati. Ikalira, hutala ndi yamoyo. Ndiye uike matayala mowongoka, ulembe chizindikiro pa shafiti ndi pa chiwongolero, umasule nati ndi sipanala ya 19 koma usaichotseretu, isiye igwire pang'ono, apo ayi chiwongolero chikazuka chikuphwanya mano. Kunsi kwake kuli mkombero wa mkuwa, ndipo pali kaphini ka sipuling'i kamene kamakhuza mkomberowo. Kaphiniko kakadyeka kamafika mbali imodzi yokha, n'chifukwa chake ikulira pokhota basi. Upukute mkombero, upake girizi pang'ono kwambiri, kaphini kakafupika usinthe. Yanuyo ilibe airbag, koma amene muli ndi galimoto ya mawaya achikasu pansi pa chiwongolero, amenewo ndi a airbag, musabayepo tesita, pitani kwa wodziwa.

O, ndi mababu aja a 100W amene unaika kutsogolo, uchotse. Awiri amakoka pafupifupi ma amp 16, pomwe a 55W amakoka 9 basi, ndipo pa galimoto zakalezi moto umenewo umadutsa m'kamkono kosinthira dimu ndi bulaiti. Ukapitiriza, switch imene ukuinamizira lero idzapsadi.

Ndiye ndanena kuti chiyani? Ya ma indiketa usagule. Uyeze ya kumbuyo kwa kiyi ndi pulagi yake. Ndibwerezenso, poti iwe umamva ndi khutu limodzi: pulayala ubweze m'bokosi, waya usadule ngakhale mmodzi, vuto lili kumbuyo kwa kiyi. Ukatsegula unditumizire chithunzi cha pulagiyo, chowala bwino, osati zija umajambula chala chili pa kamera. Amalume akamva uthengawu muwauze kuti za mbuzi sindinayambitse ndine.