Fomu ya pa intaneti yomwe wosaona angadzaze yekha

Mayi wina wa ku Chilobwe wandilembera imelo. Bungwe lawo likukonza fomu ya pa intaneti yofunsira ntchito, ndipo akufunsa ngati n'kofunikadi kuganizira anthu aulumali, popeza anzawo kuofesi akuti "abale awo adzawalembera."

Mayi, mawu a anzanuwo ndi amene andidetsa nkhawa. Fomu imafunsa nambala ya chiphaso cha unzika, malipiro, mwinanso matenda, ndipo si bwino kuti munthu wamkulu aulule zonsezi kwa mlamu wake chifukwa choti ife tinakonza fomuyo mothamanga. Anthuwatu si ochepa, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali.

Yambirani pa timabokosi tolembamo. Munthu wosaona amadalira pulogalamu yomuwerengera zomwe zili pa sikirini, monga TalkBack pa foni ya Android kapena NVDA, yomwe ndi yaulere, pa kompyuta. Tsiku lina ndinakhala pambali pa bambo wina wosaona ku Ginnery Corner, foni ili pakhutu, chala chikuyenda pagalasi, ndipo foniyo inkangobwereza kuti "edit box" osanena ngati pakufunika dzina, mudzi kapena tsiku lobadwa. Wokonza fomuyo analemba mayina a timabokosi kuti aoneke ndi maso basi, koma sanawalumikize ndi timabokosito m'kati mwa HTML, chinenero cha kompyuta chomwe amalembera masamba a pa intaneti. Muuzeni wokukonzerani kuti kabokosi kalikonse kakhale ndi label yake yokhazikika, kutanthauza dzina lolumikizidwa ndi kabokosiko, osati timawu totuwa tija timazimiririka munthu akangoyamba kulemba.

Munthu akalakwitsa, musangofiiritsa kabokosi. Lembani m'mawu kuti nambala ya foni yaperewera, chifukwa ena sasiyanitsa mitundu. Malamulo a WCAG 2.2 okonzera masamba a pa intaneti oti aulumali azitha kuwagwiritsa ntchito, omwe bungwe loona za miyezo ya pa intaneti la W3C linatulutsa mu 2023, amati zilembo zisiyane kuwala ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mulingo wosachepera 4.5:1 kuti zizioneka bwino, ndipo izi zimathandiza kwambiri abale athu achialubino omwe ambiri amaona movutikira. CAPTCHA ya zithunzi zokha, mayeso aja otsimikizira kuti wodzaza fomu ndi munthu osati makina, ichotseni. Fomu isamadzitsekenso msanga, pakuti wolemba ndi dzanja limodzi amachedwa, komanso netiweki ndi magetsi a kuno mukuwadziwa.

Musanaitulutse, ikani mbewa ya kompyuta pambali n'kuyesa kudzaza fomu yonse ndi batani la Tab ndi la Enter. Mukatero, pitani ku Malawi Union of the Blind kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, konkuno ku Blantyre, mukapemphe anthu awiri kapena atatu kuti ayese pa mafoni awo inu mukuonerera osawathandiza, ndipo mukawalipire nthawi yawo ndi yoyendera.