Mafunso Anu: Tabwerera ku Ofesi, Nanga Korona Timupewa Bwanji?

Funde la korona lomwe linatisautsa mu June ndi July 2021 litachepako, maofesi ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, kum'mawa kwa Zambia, anaitananso antchito awo. Makalata amene munatitumizira nthawi imeneyo ankakhudza nkhani imeneyi, ndipo anayankhidwa ndi anzathu a zaumoyo.

Timakhala anthu 6 m'chipinda chimodzi chokhala ndi mawindo awiri. Abwana anagula sanitaiza, ndipo madesiki amapukutidwa katatu patsiku. Kodi ndife otetezeka? — Kalaliki, Kapata

Abwana anu achita bwino, koma ayambira pa chinthu chaching'ono. Kachilomboka kamafala kwambiri kudzera mu mpweya. Munthu amene ali nako akamapuma, kulankhula kapena kuseka, amatulutsa timadontho tosaoneka timene timayandama m'chipinda kwa nthawi yaitali. Zili ngati utsi wa mbaula m'nyumba yotseka: ngakhale mutakhala pakona, umakupezani. N'chifukwa chake desiki yowala siingakupulumutseni ngati mpweya wa m'chipindamo sukusinthika.

Choyamba ndi kutsegula mawindo onse awiri pamodzi ndi chitseko, kuti mpweya ulowere mbali ina n'kutulukira ina. Mawindo a khoma limodzi okha sakoka mpweya mokwanira; chitseko ndicho chimatsegula njira. Ngati muli ndi fani, iikeni pawindo itayang'ana kunja kuti izikoka mpweya wa m'kati. Fani yoima pakati pa chipinda n'kumazungulira imangotenga mpweya wa mnzanu n'kukupatsani inu. Makina oziziritsa mpweya opachika pakhoma aja nawonso sabweretsa mpweya wakunja, amangoziziritsa womwewo. M'mwezi wa October anthu amatseka chilichonse n'kuyatsa makinawa, ndipo apo m'pamene pali ngozi. Yatsani ngati kwatentha, koma windo likhale lotsegukako.

Tikudziwa kuti fumbi ndi mphepo zimauluza mapepala, ndipo nyengo yozizira palibe amene amafuna kukhala pafupi ndi windo. Zikatero, tsegulani zonse kwa mphindi 10 pa ola lililonse, ndiponso nthawi yonse ya nkhomaliro pamene anthu atuluka.

Kenako onani madesiki. Pakati pa munthu ndi mnzake pakhale mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo musayang'anizane maso ndi maso. Ngati anthu 6 sangakwane motero, gawanani: atatu abwere Lolemba ndi Lachitatu, atatu Lachiwiri ndi Lachinayi, kapena ena m'mawa ena masana. Magulu amenewa asasakanizike, kuti wina akadwala gulu linalo lipitirize ntchito.

Nthawi imene anthu amapatsirana matendawa si ya ntchito yokha ayi, ndi ya tiyi ndi nkhomaliro yomwe. Aliyense wavula masiki, mwaunjikana m'kachipinda kakang'ono, nkhani zili m'kamwa. Tulutsani mipando pakhonde kapena pansi pa mtengo, aliyense akhale ndi kapu yake ndi sipuni yake. Misonkhano nayonso ichitikire panja, kapena isapitirire mphindi 30 ngati ili m'kati.

Ndine woyeretsa m'maofesi. Jiki ndizisakaniza bwanji? Manja anga ayamba kusupuka. — Mayi wa ku Katete

Amayi, zikuoneka kuti mumathira jiki wambiri, kapena mumagwira opanda magolovesi. Yang'anani pabotolo, ambiri amalembedwa 3.5%. Popukuta madesiki, zogwirira zitseko, mipopi ndi maswichi, thirani masipuni aakulu awiri, omwe ndi 30 ml, m'lita imodzi ya madzi. Pa malita 5 ndi 150 ml. Madziwo akhale ozizira, chifukwa otentha amaononga mphamvu ya jiki ndipo amatulutsa fungo lobanikitsa.

Yambani mwatsuka malowo ndi sopo, poti jiki sagwira bwino pa litsiro. Mukapukuta, pasiyeni ponyowa kwa mphindi imodzi musanaumitse. Pamene munthu wasanza kapena pagwa magazi pamafunika wamphamvu: kapu imodzi ya jiki ku makapu 6 a madzi. Zosakaniza zanu zizikhala za tsiku lomwelo, chifukwa zikagona kapena zikakhala padzuwa zimasukuluka. Ndipo chonde musaphatikize jiki ndi mankhwala otsukira chimbudzi kapena viniga. Zimatulutsa mpweya wa poizoni umene ungakukomoleni m'chimbudzi chotseka.

Pa kiyibodi, foni ndi makina a fotokope musagwiritse jiki. Nyowetsani kansalu ndi spiriti wa 70% n'kupukuta makinawo atazimitsidwa. Kamodzi kapena kawiri patsiku n'kokwanira. Magolovesi a labala ndi udindo wa okulembani ntchito kukugulirani, ndipo musachite manyazi kuwapempha.

Masiki imodzi ingakwane tsiku lonse? — Mlembi, Petauke

Ayi. Ikanyowa ndi mpweya kapena thukuta siigwiranso bwino ntchito, choncho tengani ziwiri kapena zitatu. Ya nsalu ikhale ya magawo atatu, osati chitenje chimodzi chopyapyala; iyang'anitseni padzuwa, ngati kuwala kukudutsa mosavuta ndiye kuti ndi yopepuka. Ichapeni ndi sopo ndi madzi otentha madzulo alionse, iume, muisite. Yabuluu ya kuchipatala ija siichapidwa, ikatha ntchito itayeni m'bini.

Vuto lalikulu ndi kavalidwe. Mphuno ikhale m'kati, kawaya kapindidwe motsata mphuno, ndipo m'masaya musatsale mipata. Kuitsitsa polankhula ndi kasitomala n'kuononga zonse, chifukwa polankhula m'pamene timadontho timatuluka tambiri. Chotchinga chapulasitiki choonekera chija sichilowa m'malo mwa masiki, ndipo masiki okhala ndi kabowo kotulutsira mpweya sateteza anzanu.

Ndine dalaivala, ndimanyamula antchito kupita ku Lundazi ndi Chadiza. M'galimoto tizichita bwanji? — Bambo wa ku Chipata

Abambo, galimoto ndi kachipinda kakang'ono kuposa ofesi, ndipo mumakhalamo maola. Tsegulani pang'ono mawindo awiri opingasana, lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere. Batani lokhala ndi kamuvi kozungulira m'kati mwa chithunzi cha galimoto lizimitsidwe, chifukwa ndi limene limabweza mpweya womwewo. Madalaivala amaliyatsa pamsewu wafumbi. Mukadutsa fumbilo lizimitseninso. Onse avale masiki, mpando wapakati ukhale wopanda munthu, ndipo zakudya zidyedwe mukaima. Amene akutsokomola asakwere, kaya ndi wamkulu bwanji pantchito.

Mnzathu wapezeka ndi korona. Ena akuti titseke ofesi sabata yonse ndipo tiitane opopera mankhwala. Ine mutu ukundiwawa, koma ndikuona ngati ndi malungo. — Woyang'anira antchito, Chipata

Tiyambe ndi inuyo. Musaganizire, kayezetseni lero, ndipo musapitenso ku ofesi mpaka zotsatira zitatuluka. Kuno kum'mawa malungo ndi ochuluka, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za korona: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi. Pemphani kuti akuyezeni zonse ziwiri, chifukwa munthu akhoza kukhala nazo pamodzi. Anthu ena amamwa mankhwala a malungo masiku atatu akupitabe kuntchito, n'kupatsira ofesi yonse. Ena amadzitsekera m'nyumba poganiza kuti ndi korona, malungo n'kukula.

Za mnzanuyo, mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkalangiza kuti wodwala akhale payekha masiku 10 kuchokera tsiku limene anayamba kudwala, kuwonjezerapo masiku atatu opanda kutentha thupi kapena chifuwa. Ngati sanadwale koma anangopezeka nako, anali masiku 10 kuchokera tsiku loyezetsa. Munthu amayamba kupatsira ena masiku awiri zizindikiro zisanaoneke, choncho lembani onse amene anakhala naye pafupi, osakwana mita imodzi, kwa mphindi 15 kapena kuposa kuyambira nthawi imeneyo. Amene amakhala naye chipinda chimodzi tsiku lonse alembedwenso ngakhale madesiki atatalikirana. Uzani a ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu kuti akuuzeni za kuyezetsa ndi kukhala kunyumba. Matendawa amatha kubisala mpaka masiku 14.

Kutseka ofesi sabata yonse sikofunika. Tsegulani mawindo a chipinda chake kwa maola angapo, kenako pukutani ndi jiki monga tafotokozera pamwambapa. Ndalama za opopera makoma ndi pansi mukanagulira masiki ndi fani. Kupopera anthu pageti n'koipa kwenikweni: kumapweteka maso ndi chifuwa, ndipo kachilombo kali m'mphuno sikakhudzidwa. Choyezera kutentha cha pageti nachonso musachidalire kwambiri, chifukwa ambiri opatsira anzawo thupi silitentha.

Muzimuimbira foni wodwalayo tsiku lililonse, makamaka sabata yachiwiri, pamene ena amafooka mwadzidzidzi. Akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, kapena kachida kopanira pachala koyezera mpweya wa m'magazi kakaonetsa nambala yochepera 92, apite msanga ku Chipata Central Hospital kapena chipatala chapafupi.

Chomaliza ndi malipiro, ndipo apa tikudandaulirani inu oyang'anira. Wantchito amene akuopa kudulidwa ndalama amabisa chifuwa n'kubwera. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa wantchito tchuthi cha matenda cholipidwa akabweretsa kalata ya dokotala. Auzeni antchito zimenezi poyera, ndipo dzina la wodwala lisamwazidwe pa WhatsApp. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linalamulanso kuti pamalo pa antchito 10 kapena kuposa pakhale komiti ya zaumoyo ndi chitetezo. Imeneyo ndiyo iziyang'anira mawindo, sopo ndi masiki tsiku ndi tsiku.

Ndili ndi shuga ndi BP. Ndibayitse katemera ndisanabwerere? — Mphunzitsi amene tsopano amagwira ntchito ya mu ofesi, Lundazi

Inde, ndipo inu ndi amene mukufunika katemera kuposa ena, pamodzi ndi achikulire ndi amene ali pa ma ARV. Katemera anayamba kuperekedwa m'Zambia mu April 2021 ndipo anali waulere. Chaka chimenecho wa AstraZeneca ankabaya kawiri, wa Johnson & Johnson kamodzi, ndipo chitetezo chimakhwima pakatha masabata awiri mutamaliza. Mkono ukhoza kuwawa ndipo thupi lingatenthe tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala anu a shuga ndi BP musasiye. Katemera amateteza kwambiri ku kudwala mwakayakaya, koma kachilombo mukhoza kukatengabe, choncho masiki ikhalebe pamphuno. Pemphani desiki ya pafupi ndi windo, kutali ndi kauntala yolandirira anthu, ndipo tengani kalata ya kuchipatala kuti pempho lanu likhale ndi umboni.