Mikisa ya holo yaing'ono: werengani kaye mabowo a maiki

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwawo. Akuti muholo mwawo mumalowa anthu pafupifupi 150, ali ndi oimba anayi kutsogolo, kiyibodi, gitala ya bezi, ng'oma ndi maiki ya abusa, komanso nthawi zina amabwereketsa zidazo ku zikwati. Funso lawo ndi loti agule mikisa iti: Yamaha MG12XU, MG16XU, kapena angotenga ka Behringer Xenyx 1202FX poti nkotchipa ndipo nakonso kalembedwa 12.

Achimwene, nambala ili pa dzina la mikisayo isakupusitseni. Opanga amawerenga chanelo cha sitiriyo ngati ziwiri, ndiye mumapezeka mwagula "12" koma polowetsa maiki pali pochepa. Inu muziwerenga mabowo a XLR aja, a timano titatu. Ka 1202FX kali ndi 4 basi. MG12XU ili ndi 6, MG16XU ili ndi 10. Tsono tiwerenge zanu: oimba 4, abusa 1, bezi kudzera pa DI (kabokosi kolumikizira gitala ku bowo la maiki) 1, ng'oma ngakhale mutaziumira bwanji zifuna maiki 2, ya pa kiki (ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi) ndi ina ya pamwamba. Takwana 8 kale, kiyibodi tisaiwerenge poti ipita pa sitiriyo. Nanga tsiku la chikwati MC akafuna yake, kapena kwaya ya amayi ikaimirira kuti iimbe? Pa MG12XU mudzangokhala muzula uyu mulowetsa uyo anthu akukuyang'anani, ndipo ine zimenezo zimandiwawa chifukwa wolakwa amaoneka ngati wapamikisa pomwe vuto linayambira kushopu.

Chachiwiri chomwe anthu ambiri sachiganizira ndi ma aux, omwe amatumiza mawu ku ma monita apansi aja kuti oimba azidzimva. MG12XU ili ndi awiri ndipo imodzi ndi yomwe imadyetsa eko ya mkati, ndiye mwatsala ndi monita mikisi imodzi, woimba ndi wa ng'oma azimva zofanana, mkangano wake sumatha. MG16XU ili ndi anayi kuphatikiza ya ekoyo. Monita muziitenga pa pre, ndiye kuti mawu asanadutse pa feda (kotsetsereka kokwezera ndi kutsitsira volyumu), kuti mukatsitsa feda ya muholo woimba asasowe mawu ake pakati pa nyimbo.

Maholo athu ambiri ndi a malata pamwamba, simenti pansi, makoma opanda kanthu, mawu amangobwererabwerera kenako maiki iyambe kulira kuti tswiii. Apa mpomwe MG16XU imandisangalatsa, pa ma chanelo a mono mid yake (kopotoza kosinthira mawu apakatikati) imasunthika, mumasaka pomwe pakulira nkudula pomwepo, osati kutsitsa volyumu ya munthu yense. Kabatani ka HPF ka 80Hz, kodula mawu otsika kwambiri, kanikizeni pa maiki onse a mawu, pa kiki ndi bezi pokha kasiyeni.

Musaiwale kuti ma mikisa atatu onsewa alibe ampu mkati, mufunika ampu yapadera kapena masipika okhala ndi ampu yawoyawo mkati. Maiki ya pamwamba pa ng'oma ikakhala ya mtundu wa condenser ifuna magetsi a 48V ochokera pa mikisa, muziyatsa batani limenelo mutatsitsa ma feda.

Ine ndinganene kuti dikirani miyezi ingapo, sonkhanitsani ndalama mugule MG16XU. Ngati mupeza yogwiritsidwapo kale ntchito palibe vuto, analogi imakonzeka ndi amisiri athu omwewa, koma pitani ndi maiki ndi chingwe chanu muyese bowo lililonse, mupotoze gain (kokwezera mphamvu ya mawu olowa) iliyonse mukumvetsera ngati ikuchita phokoso la khwekhwerere. Samalaninso ndi za feki zolembedwa Yamaha, zilipo pamsika, mtengo ukatsika modabwitsa funsani risiti ndi galanti.

Pa bajeti yomweyo siyanipo ndalama ya stabilizer, chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi, chifukwa magetsi akathima nkubwera mwamphamvu, kapena jenereta ikamasinthasintha, choyamba kupsa ndi pawa sapulayi ya mikisa. Poyatsa yambani mikisa, ampu pomaliza, pothimitsa yambani ampu. Mukamaliza mapemphero ifunditseni mikisayo ngakhale ndi chitenje, fumbi la mu Okutobala likalowa m'ma feda ndi lomwe limayambitsa kukhwekhwereza kuja.