Kodi makalasi a ku community college adzawerengedwa ku yunivesite?

Imelo ya sabata ino yachokera ku South Bend, ku Indiana, komwe Amalawi aliko ambiri ndithu. Mtsikana wina walemba kuti: "Ndamaliza chaka choyamba pa community college ya Ivy Tech, ndili pa viza ya ophunzira ya F-1. Ndikufuna digiri ya accounting, koma anzanga akuti ndikakalowa yunivesite ndikayambiranso. Nawo amayi kumudzi akudandaula, ati ndinakwerera ndege ukalipentala. Nditani?"

Achemwali, amayiwo musawaseke. Kwathu tikamva zoti community college timaganiza za makoleji a ntchito zamanja, kowotcherera zitsulo ndi kusoka. Auzeni kuti ku America anthu ambiri amadzera khomo limeneli popita ku digiri, chifukwa fizi yake ndi yotsika.

Kuyambiranso simuyambiranso ayi, koma makalasi ena akhoza kutayika mukamasankha mwachisawawa. Digiri ya zaka zinayi nthawi zambiri imafuna makirediti 120 (mapointi omwe kalasi iliyonse imakupatsani mukaikhoza), ndipo pa community college mumapezapo pafupifupi 60. Nkhani yagona poti 60 amenewo ndi ati. Yunivesite ikhoza kulandira kalasi yanu koma n'kuiika m'gulu la ma elective, makalasi ongosankha mwakufuna kwanu. Papepala ilipo, koma sinakuchotsereni phunziro lililonse lofunika pa accounting.

Ine zinandionekera. Ndinkasankha makalasi potengera nthawi ya shifiti yanga komanso mphunzitsi amene anzanga ankati ndi wofatsa. Tsiku lomwe mlangizi wa yunivesite ina anatsegula transcript yanga, chikalata cha makalasi ndi magiredi anga, anatenga cholembera n'kuyamba kuika timitanda m'mphepete, ali chete. Timitanda titatu. Masamu omwe ndinakhoza bwino kwambiri sanali omwe dipatimenti inkafuna. Semesita yathunthu inapita, ndi ndalama zake zomwe. Ndinatuluka mu ofesimo ndikuseka, koma kunali kuseka kwa manyazi.

Ndiye sankhani kaye yunivesite ndi digiri, kenako muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Mwayi wanu ndi woti Indiana inakonza kale njira. Pali Indiana College Core, makirediti 30 a maphunziro oyambira omwe mayunivesite aboma m'chigawocho amawalandira onse pamodzi ngati mwawamaliza. Palinso TSAP, ndondomeko yoti mukamaliza associate degree (digiri ya zaka ziwiri) ya m'njira imeneyo, ndipo yunivesite yaboma ikakulandirani pa maphunziro ofanana nawo, mumakayambira chaka chachitatu. Mawu oti "ikakulandirani" muwagwire bwino: kufunsira malo mufunsirabe, ndipo sukulu ya bizinesi ikhoza kukhala ndi GPA (avereji ya magiredi) yakeyake imene ikufuna. Mayunivesite omwe si aboma, monga Notre Dame yomwe mumaiona tsiku ndi tsikuyo, amayendera malamulo awo.

Kalasi yomwe mwapeza pansi pa C kawirikawiri siwoloka. Makalasi okonzekeretsa a Chingerezi ndi masamu aja nawonso sawerengedwa. Silabasi ya kalasi iliyonse isungeni, ngakhale pa foni, poti tsiku lokangana ndi ofesi umboni wanu ndi umenewo. Mlangizi akakuuzani pakamwa kuti kalasi yakuti ilandiridwa, m'pempheni akulembereni pa imelo.

Za viza musachite nazo chibwana. Mukalandira kalata ya malo, pitani kwa DSO, mkulu woona za ophunzira ochokera kunja pa koleji panu, kuti mugwirizane tsiku losamutsira mbiri yanu ya mu SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja. Yunivesite idzakupatsani I-20 yatsopano, chikalata cha sukulu chomwe chimayendera limodzi ndi viza yanu, koma idzayamba yafuna umboni woti ndalama za chaka chonse zilipo, ndipo pamenepa mpomwe ambiri amadzidzimuka, chifukwa fizi imakwera kwambiri. Akukulipirirani adziwiretu chaka chino, osati mwezi womaliza. Makalasi atsopano ayenera kuyamba pasanathe miyezi isanu chichokereni pa koleji yakaleyo, ndipo ngati muli ndi ganyu wa pa koleji, amathera pa tsiku losamutsalo.

Musanalembetse makalasi a semesita ikubwerayi, tengani ndandanda ya digiri ya accounting ya ku Indiana University South Bend, kapena kulikonse komwe mtima wanu uli, muiike pambali pa transcript yanu. Timitandato ikani nokha, ndi pensulo.